Kandege kakale ka Tiger Moth kamafuna lezala ndi sandipepa, osati zokometsera zodula

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi ndilankhule ndi anzanga ochepa amene amakonda kumanga tindege ta pulasitiki, tija timabwera m'bokosi tili zidutswazidutswa. Mabokosi akale a tindege totere amatulukira apo ndi apo pakati pa zidole za pa kaunjika, ena amabwera m'zikwama za abale ochokera ku South Africa kapena ku Britain. Ambiri amamatidwa madzulo amodzi ndi guluu wochita kudontha, phiko lapamwamba n'kupendekeka ngati denga la khola la mbuzi, basi mwini wake n'kugamula kuti bokosilo linali lachabechabe poti ndi lakale. Mlandu si wa bokosi ayi. Chimene chimanyansitsa kandege kakale ka mapiko awiri osanjikizana ndi kukhuthala kwa zidutswa zake ndi kupendekeka kwa mapiko, ndipo zonsezi zimachira ndi lezala, sandipepa ndi kudziwa choyamba n'chiti, chomaliza n'chiti.

Nditenge chitsanzo cha Tiger Moth imene kampani ya Airfix inatulutsa mu 1957 pa sikelo ya 1/72, kutanthauza kuti milimita imodzi pa kandegeko ikuimira mamilimita 72 pa ndege yeniyeni. Kampani yomweyo inatulutsanso ina yatsopano mu 2014 ndipo ndi yabwino kwambiri kuposa yakaleyo, zimenezi sitingabise. Koma amene wapeza yakale asaitaye. Ndege yeniyeniyo, de Havilland DH.82, inauluka koyamba pa 26 October 1931, ndipo zinapangidwa zoposa 8,000 zophunzitsira oyendetsa ndege. Kwathu kuno si yachilendo kwenikweni: pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anyamata ambiri anaphunzirira kuuluka pa ndege zimenezi ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe, pa mabwalo a Belvedere, Mount Hampden, Guinea Fowl ndi Induna. Kuchokera nsonga ya phiko kufika nsonga inzake ndi mamita 8.94, ndiye pa kandege kathu payenera kukhala mamilimita 124. Utali wa thunthu lonse ndi mamilimita 101 kapena kupitirirako pang'ono. Yezani ndi rula musanagwire mpeni.

Musanayambe chilichonse pezani zithunzi za ndege imodzi yeniyeni, yojambulidwa kutsogolo, m'mbali ndi pamwamba, ndipo mukakamire yomweyo. Ndikutero chifukwa pa intaneti zithunzi zake n'zosakanikirana. Zimene zinapangidwa ku Canada, za mtundu wa DH.82C, zinali ndi denga la galasi, mabuleki ndi kateyala kumchira, pamene za ku Britain zinali zapululu pamwamba, zopanda mabuleki, ndipo kumchira zinkakwekwereza kachitsulo basi. Zina zili ndi timapiko tiwiri tating'ono pamsana kutsogolo kwa mchira, tomwe anawonjezera m'nthawi ya nkhondo, zina zilibe. Mukatola apa ndi apo mudzamanga ndege imene sinakhaleko.

Chinanso choyenera kuchimvetsa ndi chifukwa chimene mapiko ake anakhalira chonchi. Mphunzitsi ankakhala mpando wakutsogolo, ndipo asilikali a ndege a ku Britain ankafuna kuti zikavuta azitha kutuluka msanga ali ndi parachuti kumsana. Choncho mizati ya pakati, yonyamula thanki ya mafuta, anaisunthira kutsogolo, kenako mapiko anawakhotetsera m'mbuyo kuti ndege isalemere mbali imodzi, ndipo nsonga za mapiko apansi anazikweza kuti zisamakhudze nthaka. N'chifukwa chake phiko lapansi limakwera ndi madigiri 4 ndi theka pamene lapamwamba silifika madigiri 3. Pa kandege kathu, nsonga ya phiko lapansi ikhale pamwamba ndi mamilimita 4.5 kuyerekeza ndi tsinde lake, ya lapamwamba pafupifupi mamilimita 3, ndipo pakatipo phiko lapamwamba litsogole ndi mamilimita pafupifupi 8. Kandege kopanda miyeso imeneyi, kaya kapentedwe bwanji, sikaoneka ngati Tiger Moth.

Ntchito yoyamba ndi yotopetsa koma yaifupi. Tsukani zidutswa zonse m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, chifukwa mafuta a m'chikombole ndi a zala za anthu amene akhala akuligwira bokosilo kwa zaka zambiri amakanitsa penti. Phiko lopindika liviikeni m'madzi otentha koma osawira, a madigiri 70 mpaka 80, kwa theka la mphindi, muliwongole ndi zala, mulimangirire pa rula yachitsulo ndi tepi, kenako mulithire madzi ozizira. Madzi owira amafinya pulasitiki ndipo sabwereranso. Ngati wina anakamanga kale kandegeko n'kukapaka penti wokhuthala, kapopereni mankhwala otsukira uvuni, mukatsekere m'jumbo usiku wonse, m'mawa mukatsuke ndi mswachi wakale mutavala magolovesi. Mafuta a mabuleki amachotsanso penti, kungoti pulasitiki wakale amatha kuuma n'kumathetheka. Thina wa penti ya galimoto ndi mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo musayese n'komwe, amasungunula kandege konse.

Tsiku lomwelo yesani masitika a m'madzi amene ali m'bokosimo, zizindikiro za ndege zija zimamatuka papepala mukaziviika m'madzi. Dulani kachidutswa kosafunika, mukaviike m'madzi ofunda masekondi 15. Kakasweka tizidutswatizidutswa, pakani pepala lonselo vanishi wonyezimira kawiri mopyapyala, ndipo pambuyo pake sitika iliyonse muzidula mokhudza m'mphepete mwa chizindikiro chake. Ngati pepala lasanduka lachikasu, liikeni m'kajumbo kotseka bwino, mulimate pa zenera loomba dzuwa kwa masabata awiri kapena atatu, liyera ndithu. Chinyezi chokha chisalowemo.

Tsopano pofika pa mtima wa ntchito yonse. Mphepete yakumbuyo ya phiko pa tindege takale imakhuthala mpaka milimita yathunthu. Chulukitsani ndi 72, mupeza kuti pa ndege yeniyeni ikanakhala yokhuthala ngati njerwa, pamene kwenikweni imathera mopyapyala ngati chikuto cha buku. Diso la munthu, ngakhale wosadziwa za ndege, limaona zimenezi msanga ndipo n'zimene zimapangitsa kandege kuoneka ngati chidole cha mwana. Palani kunsi kwa phiko, osati pamwamba. Imikani lezala chilili, osaligoneka ngati mukusenda mbatata, ndipo mulikoke kuchokera ku tsinde kupita ku nsonga, likhale likutulutsa timapalo topiringizika. Musapale m'mphepete mokha: yambirani cha pakati pa phiko kuti kupyapyalako kubwere pang'onopang'ono, apo ayi mupanga mpeni wonola mbali imodzi umene umaonekera patali. Pakapita kanthawi kwezani phikolo pa kuwala. Mphepete ikayamba kulowetsa kuwala pang'ono, mwafika, pamenepo ndi mamilimita 0.2 kapena 0.3. Mukapitiriza iyamba kudyeka ngati tsamba lodyedwa ndi mbozi. Chitani chimodzimodzi ku timapiko ta kumchira ndi ku chiwongolero choimirira cha kumchira komweko, koma kumeneko palani mbali zonse ziwiri mofanana.

Mukatha kupala, kwechani ndi sandipepa wonyowetsa, uja amagwiritsa ntchito owongola mabodi a galimoto, kuyambira nambala 400, kenako 600, kumalizira 1000. Sandipepayo mmateni pa kathabwa kosalala. Wogwira m'zala amatsata mabampu m'malo mowachotsa.

Nthiti za mapiko nazo akale ankazikokomeza. Ndege yeniyeni inali ya mapiko a matabwa okutidwa ndi nsalu yokungika ngati ng'oma, ndipo pakati pa nthiti nsaluyo imangolowa pang'ono zedi. Pa tindege takale pamakhala mizere ngati ya m'munda wa chimanga. Ikwecheni mpaka itatsala pang'ono kuzimiririka, yoti chala chizingoimva patalipatali. Ena amafafaniziratu n'kubwezeretsa timalamba ta pa nthiti pomata tepi mosiya mipata ya theka la milimita, kupakamo penti wapansi, kenako n'kumatula tepiyo. Njirayi imagwira, koma pa 1/72 ine ndimaona kuti ndi ntchito ya masiku atatu yopindula zochepa. Chapafupi n'kujambula mizereyo ndi pensulo yosongoka pamwamba pa penti woyera wapansi, kenako chikasu chikabwera mizereyo imaonekera mwa chizimezime, monga momwe zimaonekera pa ndege yeniyeni.

Mupezanso timaenje tozungulira kunsi kwa mapiko ndi m'kati mwa thunthu, tosiyidwa ndi zitsulo zokankhira zidutswa kuti zituluke m'chikombole, komanso malo ena olowa m'kati pomwe pulasitiki anafota pozizira. Donthezanipo supaguluu, muwazepo soda wophikira, ziuma nthawi yomweyo. Kwechani lisanathe ola limodzi. Mukagoneka mpaka mawa chigambacho chimalimba kuposa pulasitiki, ndiye sandipepa amadya m'mbali n'kusiya kachulu pakati.

M'kati mokhala oyendetsa, tindege ta zaka za m'ma 1950 timakhala mbee, mwina muli tizidole tiwiri ta anthu basi. Poti ndegeyi ndi yapululu pamwamba, aliyense amasuzumiramo. Yambani ndi kupala makoma a thunthu cham'kati, makamaka m'milomo ya mabowo awiriwo, kuti asaoneke ngati khoma la nkhokwe. Thunthu lenileni linali la mapaipi achitsulo owotcherera, ndiye mufunika timapaipi. Tengani chimango chija zidutswa zimabwera zitalumikizidwako, mudulepo kamtengo, mukazunguze pamwamba pa kandulo, osakhudza lawi, mpaka kafewe n'kuyamba kugwa kokha, kenako muchotse pamoto n'kukoka mbali zonse ziwiri. Mukakoka mofulumira mupeza ulusi ngati tsitsi, mukakoka modekha mupeza kandodo ka mamilimita 0.3 kapena 0.4, komwe n'koyenera mapaipiwo. Matani tiwiri m'litali mbali iliyonse, tina choimirira ndi chopingasa monga zithunzi zikuonetsera.

Pansi pake, makoma olekanitsa ndi mabolodi a mawotchi, aja woyendetsa amaonerapo liwiro ndi zina, dulani ku pulasitiki wopyapyala wa makapu a yogati. Apa pali msampha: yang'anani kunsi kwa kapuyo. Ngati palembedwa PS kapena nambala 6, ndi mtundu umodzi ndi kandege kanu ndipo guluu wa tindege augwira. Ngati palembedwa PP kapena 5, monga zotsekera zambiri za majarini, palibe guluu amene adzaugwire bwino. Mipando iwiri pindani kuchokera ku chitini cha zakumwa zoziziritsa kukhosi, chomwe chitsulo chake n'chopyapyala pafupifupi milimita 0.1 ndipo chimadulika ndi sizasi wamba. Ndodo zowongolera ndi waya wa mamilimita 0.3, utali mamilimita 7, kumutu kwake kadontho ka guluu woyera wa matabwa. Malamba a pampando ndi tepi ya pepala yodulidwa mamilimita 0.7 m'lifupi, yopakidwa khaki. Bolodi la mawotchi lipakeni lakuda, likauma mukande timizere tozungulira ndi nsonga ya singano kuti kuyera kwa pulasitiki kuonekere, kenako kadontho ka vanishi pa wotchi iliyonse. M'kati monse ndi mobiriwira motuwa, penti wa Humbrol nambala 78. Ndegeyi ili ndi titseko tating'ono totsegukira pansi m'mbali mwa mpando uliwonse. Kudula tiwiri ta mbali imodzi n'kuikapo ta chitini titatseguka kumalowetsa kuwala, ntchito yanu yam'katiyo n'kuoneka.

Guluu wa m'chubu amene mwina mwamupeza m'bokosimo mutayeni. Polumikiza thunthu gwiritsani wamadzimadzi, monga Tamiya Extra Thin kapena Revell Contacta, wongokhudzitsa pa mzere zidutswa zitagundana kale.

Kumphuno kuli zochepa koma zooneka. Injini yake, Gipsy Major ya masilinda anayi, inaikidwa chadodolido, n'chifukwa chake pulopela ili pamwamba ndipo bowo lolowera mphepo lili m'munsi mwake cha kumanzere. Bowolo libooleni lilowe ndithu, mupake lakuda m'kati, muikemo kachidutswa kozungulira koimira silinda yoyamba. Paipi ya utsi booleni kunsonga ndi singano. Thanki ya oyilo ili panja, kumanzere kwa thunthu kuseri kwa chivundikiro cha injini, ndipo ngati pa kandege kanu yangojambulidwa, matanipo kachidutswa ka pulasitiki kokhuthala theka la milimita. Thanki ya petulo, ya magaloni 19, ndi ija ili pakati pa phiko lapamwamba, yamizeremizere ngati lata. Pokwecha phiko iphimbeni ndi tepi kuti mizereyo isafafanizike, ndipo muwonjezere kapaipi ka waya wa kopa kotsika kuchokera ku thankiyo kupita ku injini. Waya woterewu, wa mamilimita 0.1 mpaka 0.2, ali wambirimbiri m'chingwe cha tchaja yakufa.

Mizati ya mapiko ndiyo imagwetsa anthu ambiri ulesi. Ya m'bokosi imakhala yonenepa, ina yopindika, ndipo mukaipala kuti ifike pa muyeso imafooka. Nsungwi imaposa pulasitiki pamenepa. Tengani kamtengo kotokosera m'mano ka nsungwi, mukapale mpaka kakhale mamilimita 1.2 m'lifupi ndi 0.5 kukhuthala, kozungulira kutsogolo, kosongoka kumbuyo, kenako mukapake supaguluu n'kukakwecha kuti timinga ta nsungwi tigone. Yezani utali wa mizati ya m'bokosi musanaitaye, wakutsogolo payokha, wakumbuyo payokha, ndipo wa kumanja ndi mnzake wa kumanzere muziidulira pamodzi. Kusiyana kwa theka la milimita n'kokwanira kupotoza phiko lonse. Kunsonga zonse ziwiri siyani kamutu kosongoka kolowa m'bowo la phiko. Amene anakulira kupinda galimoto zamawaya angathe kupanga mizati ya pakati ija ndi waya wa mkuwa wa theka la milimita, wophwanyidwa pang'ono ndi hamala pa chitsulo chosalala. Imeneyo ndiye yolimba koposa, ndipo ndi imene imasenza phiko pomanga.

Apa ndiye pamene dongosolo limapulumutsa munthu. Mabowo onse a nthambo, mawaya aja amakunga mapiko a ndege, abooledwe tsopano, penti asanapakidwe, phiko lapamwamba lisanakwere. Jambulani papepala nthambo iliyonse, komwe ikuchokera ndi komwe ikuthera. Pali zonyamula ndege ikamauluka, zochokera m'munsi mwa thunthu kukwera kukafika pamwamba pa mizati yakunja, ndipo pa Tiger Moth ziwiri zonsezo zimayambira kutsogolo kwa tsinde la phiko, pa chifukwa chomwe chija chakuti mphunzitsi asakodwe potuluka. Pali zonyamula mapiko ndege ikatera, zochokera pamwamba pa mizati ya pakati kutsikira m'munsi mwa mizati yakunja. Palinso zopingasana pakati pa mizati iwiri yakunja, ndi zina zazifupi pa mizati ya pakati. Kabowolero kabwino ndi ka mamilimita 0.3 kozunguza ndi zala. Kakasowa, nolani singano yosokera pa mwala kuti nsonga yake ikhale ya mbali zitatu, iboola bwinobwino. Singano yotenthetsa pamoto ayi, imasiya mlomo wotukuka kuzungulira bowo. Ku phiko lapamwamba boolani cha kunsi, kulekeza pakati osatulukira. Ku phiko lapansi boolani mpaka kutulukira. Bowo lililonse lipendekere komwe nthambo ikulowera, apo ayi nthamboyo idzapanga kagongono potuluka.

Kenako pentani zonse, phiko lapamwamba lili palokha. Ndege zophunzitsira za asilikali a ku Britain nkhondo yachiwiri ija itatsala pang'ono kuyamba zinali zachikasu, ndipo m'nthawi ya nkhondo zambiri anazipaka zobiriwira ndi zofiirira ngati dothi pamwamba, chikasu n'kutsala kunsi. Pa manambala a Humbrol, chikasucho ndi 24, dothi 29, kubiriwira 30. Chikasu ndi penti wamwano: saphimba. Mukamupaka pa pulasitiki wotuwa amaoneka wobiriwirira, inu n'kumawonjezera mpaka nthiti zonse zitakwiririka. Yambani ndi woyera wosanyezimira, kenako chikasu katatu kapena kanayi mopyapyala. Takasani kachitini mphindi ziwiri zathunthu, sakanizani magawo awiri a penti ndi gawo limodzi la white spirit, mafuta osungunulira penti, pakani ndi burashi yofewa yophwatalala mbali imodzi yokha, kuchokera kutsogolo kwa phiko kupita kumbuyo. Pomwe mwadutsa musabwererepo pakadali pauwisi. Dikirani tsiku lathunthu musanapake kachiwiri, chifukwa penti wapansi akakhala wosauma amakwinyika. M'miyezi ya fumbi vindikirani kandegeko ndi beseni loyera mukangomaliza.

Masitika amafuna pamalo ponyezimira. Pa penti wosanyezimira timphepo timatsekeredwa kunsi kwake ndipo m'mphepete mumaoneka ngati siliva. Pakani vanishi wonyezimira, muike masitika, ndipo poti guluu wawo anatha mphamvu kalekale, tsogozani kadontho ka guluu woyera wosungunula ndi madzi. Psinyani ndi kansalu konyowa kuchokera pakati. Akauma pakani vanishi wonyezimira pang'ono chabe, chifukwa nsalu ya ndege sinali yowala ngati galasi komanso sinali yofota ngati choko. Mukatero tokosaninso mabowo aja ndi singano, penti amakhala atawatseka.

Phiko lapamwamba silikwezedwa ndi manja okha. Dulani makatoni awiri olimba ofanana ndendende, lililonse likhale ndi mipata iwiri yolowetsamo mapiko, yotalikirana monga mizati ilili, wapamwamba utatsogola monga mwa muyeso. Kandege kakhale pa thabwa pomwe mwajambulapo mzere wapakati ndi mizere ya mapiko, kuti mukayang'ana chapamwamba muone ngati mbali ziwirizo zakhotera m'mbuyo mofanana. Musanakweze, matani ulusi wa nthambo m'mabowo a phiko lapamwamba, uliwonse wautali masentimita 15, uzingolendewera ngati ndevu. Palani penti pomwe mizati ikukhala, chifukwa guluu akagwira penti ndiye kuti wagwira mphepo. Matani mizati ya pakati poyamba, muyang'ane kutsogolo, pamwamba ndi kumbuyo, musiye usiku wonse. Mawa lake lowetsani mizati yakunja umodziumodzi, mukutambasula mapiko pang'ono ndi chala. Amene amamata mizati yonse nthawi imodzi ndi supaguluu amakhala ndi masekondi 10 okha oti awongole zinthu zimene zimafuna theka la ola.

Ulusi wa nthambo ndi wa nayiloni, uja wa mbedza wopyapyala kwambiri, wa mamilimita 0.06 mpaka 0.10, kapena uja osoka amati ulusi wosaoneka. Nthambo yeniyeni ya mamilimita 6 imatsika kufika pa 0.08, ndiye chilichonse chokhuthala kuposa 0.12 chimaoneka ngati chingwe chomangira ng'ombe. Ulusi wa thonje uli ndi ubweya ndipo umalendewera nyengo ya mvula. Udetseni ulusiwo musanaumate poukoka pansi pa cholembera chakuda chosafufutika kapena m'kansalu kodonthezedwa penti wotuwa ngati chitsulo.

Yambani ndi nthambo zam'kati, mumalize ndi zakunja, chifukwa zakunja zikatsogola zimatseka njira ya zala. Pisani ulusi m'bowo la phiko lapansi, mupanike pegi yoyanikira zovala kunsonga kwake kuti kulemera kwa pegiyo kuukunge, kenako mukhudzitse supaguluu pabowo cha kunsi ndi nsonga ya singano. Kadontho kochokera m'chubu mwachindunji n'kokwanira nthambo makumi awiri, ndipo kamayenderera pa penti. Pegi imodzi yakwana. Mukakoka mwamphamvu phiko limatsatira, ndipo mudzadabwa kuona nthambo za mbali inayo zitalefuka. Pa chifukwa chomwecho muzisinthanasinthana: imodzi kumanja, inzake yofanana nayo kumanzere. Guluu akagwira dulani chotsalira ndi lezala latsopano mogonetsa, tsekani kabowoko, mukwechepo pang'ono n'kudontheza chikasu. Nthambo ikatsala yolendewera, yatsani koyilo ya udzudzu, muyandikize nsonga yake yofuka masentimita awiri kunsi kwa nthamboyo, mukuyendetsa uku ndi uku. Nayiloni amafupika akamva kutentha ndipo mudzaona ikudziwongola yokha kamodzi n'kamodzi. Ikangowongoka chotsani moto. Sekondi imodzi yowonjezera, yaduka, ndipo kubooleza bowo lodzaza supaguluu pakati pa mapiko awiri omata kale ndi chilango chimene sindingafunire munthu.

Zotsala ndi zing'onozing'ono zimene zimaikidwa kumapeto kuti zisathyoke. Nthambo zowongolera mchira pa ndegeyi zimayenda panja, za chiwongolero choimirira zimachokera m'munsi mwa thunthu cha pa mipando mpaka kumchira mbali zonse ziwiri. Tinyanga tomangirirapo dulani ku chitini, mutilowetse m'timing'alu tocheka ndi lezala, osangotimata pamwamba. Ma aileron, tizigawo takumbuyo kwa phiko topendeketsera ndege, ali pa mapiko apansi okha, choncho ngati chikombole chinajambula mizere yake pa phiko lapamwamba, ikwirireni pa nthawi yokwecha ija. Magalasi awiri otchinga mphepo a m'bokosi amakhala ngati zidutswa za botolo. Dulani ena ku pulasitiki woonekera wa mapaketi a mabatire kapena a mswachi, mupinde mbali ziwiri kuti akhale a nkhope zitatu, mumate ndi guluu woyera. Supaguluu amatulutsa nthunzi imene imayeretsa galasi ngati ng'ala.

Pulopela ipaleni nayonso, ndipo muonetsetse kupotoka kwake: ya Gipsy Major, mukakhala pa mpando wa woyendetsa, imazungulira motsutsana ndi mivi ya wotchi, ndiye pulopela yobwereka ku kandege ka ku America kawirikawiri imakhala yotembenuka. Kuti ioneke ya thabwa, pakani khaki wowala, akauma mupake penti wa mafuta wa ojambula zithunzi wofiirira, mupukute ndi burashi youma m'litali kuti patsale timizere, mudikire masiku anayi kapena asanu, kenako vanishi. Mateyala akwecheni pang'ono pansi kuti aoneke kuti asenza katundu, ndipo muwapake motuwa mwakuda, osati bii.

Pa zodetsa musachite changu. Ndege zimenezi zinkatera pa udzu ndi pa dothi ndipo zinkapukutidwa kawirikawiri. Timizere tiwiri ta oyilo kunsi kwa mphuno, kafumbi kofiira pa mateyala ndi kunsi kwa mapiko kumbuyo kwa mateyalawo, ndi pensulo yopakidwa pang'ono pa malo akuda opondapo pokwera pa tsinde la phiko, zakwana.

Kandege komalizidwa kagwireni pa thunthu kuseri kwa mapiko, osati kunsonga. Kasungeni m'bokosi loonekera lotseka, chifukwa fumbi likakhala pa nthambo silichoka popanda kudula imodzi, ndipo kasakhale pa zenera kapena pamwamba pa wailesi ya kanema. Dzuwa la mwezi wa October lodutsa pa galasi limafewetsa mapiko amene mwawapala aja, nayiloni n'kuwakokera m'kati.

Ndine wanu,
Wokonda ntchito zamanja